Makina ochapira a mbali ziwiri aja, patha miyezi 8 ndikuwagwiritsa ntchito kuno ku Ulónguè

Azimayi anzanga akhala akundifunsa kumjigo ndi kutchalitchi kuti makina munabwera nawo pa shapa (minibasi) kuchokera ku Tete aja akuthandizadi kapena ndalama zinangopita? Ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerengera yekha.

Pakhomo tilipo 7, ine, bambo akunyumba, ana anayi ndi apongozi anga. Wamng'ono akadali pa matewera ansalu, bambo amalima mbatata ya kachewere cha ku Domue ndiye mathalauza amabwera ali psuu dothi lokhalokha. Uchape Lolemba, pofika Lachitatu dengu ladzazanso. Koma ine chinkandisowetsa mtendere kwambiri ndi kuyanika. Anzathu a mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize sangamvetse zimenezi, kwawoko Okutobala kumatentha masiku ena mpaka kupitirira madigiri 40, bulangete limauma usanamalize kutsuka beseni. Kuno ku Angónia Juni ndi Julayi nkhungu mpaka 9 koloko, madzi ozizira ngati akuluma, zala kuchita ming'alu, ndiye kubwere Januwale ndi Febuluwale mvula tsiku ndi tsiku, jinzi masiku atatu ili pachingwe, uyanike uanule uyanikenso mpaka iyambe kafungo kachinyontho kaja, mwana mawa lake akufuna yunifomu.

Makinawo ndi aja apulasitiki, mbali yaikulu yochapira ya makilo 7, yaing'ono yofinyira. Chopotokola cha kochapira chimafika mphindi 15, cha kofinyira mphindi 5. Sakoka okha madzi, umathira ndi ndowa, ndipo kwa ife amene tilibe paipi m'nyumba ubwino wake ndi umenewo. Ndimathira zigubu ziwiri za malita 20, Omo pang'ono, ndiyambe zoyera, ndizichotse, madzi omwewo ndiponyemo zamitundu, pomalizira zakumunda. Otsalawo ndimakolopera pakhonde. Kutsukuluza ndimachitabe mu beseni chifukwa mu makina kumadya madzi ambiri, ndipo madziwo amene amasenza ndi ine ndi mwana wanga wamkazi.

Chimene ndinganene mosakayika ndi chakuti ndalama yanga yabwerera pa mbali yofinyirayo. Abale inu, thewera lomwe ndinkalifinya mpaka mikono kuphwanya koma likudonthabe, umo limatuluka longotsala kachinyezi, uliyanike pakhonde ngakhale kunja kuli mvula madzulo lauma. Juzi ya sukulu ndinaichapa 6 koloko madzulo mwezi wa Julayi, mmawa mwana anavala. Tsiku limenelo ndinakhala pa mpando kukhitchini nkumangoyang'ana manja anga kuti lero sakuwawa.

Kuchapa kwenikweniko ndiye ndi kwapakatikati, ndisakunamizeni. Kolala ya malaya, m'khwapa, masokosi a ana, maondo a thalauza lakumunda, zonsezi ukangoponya osayamba wapaka sopo wa Bingo nkutikita ndi manja zimatuluka litsiro lili pomwepo. Matewera uyambe watsuka kaye pambali, osangowaponya ayi. Makapulana (zitenje) amapotana ngati chingwe, ndimaika awiri awiri basi. Bulangete lalikulu kofinyira silikwana, limenelo timagwirizanabe awiri kufinya wina uku wina uko ngati kale. Komanso ukaika zovala mopendekera mbali imodzi makina amagwedezeka ndi phokoso loti aneba amasuzumira, uyenera kuzitsendereza bwino nkuika kachivindikiro kofewa kaja pamwamba.

Chinandikhumudwitsa ndi kapaipi kotulutsira madzi. Nkakafupi, kopyapyala, mwezi wachitatu kanang'ambika pokhotera madzi athovu mbwee m'chipinda chonse. Pepala la garantiya ndili nalo koma loja (sitolo) yomwe ndinagulako ili ku Tete, ndinyamule makina onse pa shapa chifukwa cha kapaipi? Bambo anangomanga ndi mphira wa chubu cha njinga, mpaka pano kakugwira. Dziwaninso kuti madziwo amatuluka okha motsetsereka, mulibe pampu, ndiye ife makinawo tinawakweza pa njerwa zinayi kuti madzi azitha onse. Matumba a ana muzipisamo kaye, kakobiri kamodzi kanalowa pansi pa chozungulira cha mbali yochapira tinavutika kukatulutsa.

Za magetsi ndinkaopa kuti Credelec (mayunitsi a magetsi olipiriratu) izitha msanga, koma poti satenthetsa madzi sindinaone kusintha kwenikweni, simbi ndiye imadya kwambiri. Ndipo kusita sindinasiye, makamaka za mwana, chifukwa ntchentche ija yoikira mazira pa zovala zonyowa nyengo yamvula imabweretsa mphutsi pakhungu, kutentha kwa simbi ndi kumene kumapha mazirawo.

Ngati muli ndi ana ang'ono ndipo mumakhala kozizira ngati kuno kapena ku Tsangano, gulani, koma ku loja konko muwauze alumikize kumagetsi muone mbali yofinyira ikuzungulira musanalipire, mufunsenso ngati ali ndi kapaipi kena kapadera mugulire limodzi. Apongozi anga mpaka lero makapulana awo amachapa okha pamwala, akuti makina amafulumiza nsalu kutha, koma akamaliza amabwera nawo mu beseni kuti mwananga tandiikire mu chofinyira chija.