Kuimbira kumudzi motchipa: WhatsApp, Talk360, Rebtel kapena mayunitsi?

Amayi anga ali ku Dedza, ndipo foni yawo ndi kaja ka mabatani kokhala ndi tochi kumutu. Mlongo wanga ali ku Lilongwe, ali ndi foni yopalasa. Ine ndili kuno ku Joni. Anthu awiriwa sindiwaimbira mofanana, n'chifukwa chake mnzanga akandifunsa kuti app yabwino yoimbira kumudzi ndi iti, ndimayamba ndamufunsa kuti amene akufuna kumuimbirayo ali ndi foni yanji m'manja.

Tiyambe ndi WhatsApp, poti ndi imene aliyense ali nayo. Kuimbirana mawu pa WhatsApp kudayamba mu 2015, kuonana pa vidiyo kudabwera mu 2016. Simulipira mphindi, mumangodya data, ndipo zilibe kanthu kuti mnzanuyo ali ku Mangochi, ku Leeds kapena chipinda chinacho. Mphindi imodzi ya mawu okha siikwana 1MB. Vidiyo ndiye imameza, kangapo kuposa pamenepo, moti mukamacheza ndi munthu amene bandulo yake ndi ya tsiku limodzi muzimumvera chisoni, tsekani kamera mukangoonana nkhope. Mu Settings, pa Storage and data, pali kabatani kolembedwa Use less data for calls. Kayatseni, ndipo muuze wa kumudziyo akayatsenso. Mawu amatsika ubwino pang'ono koma mumamvana.

Vuto lake ndi lakuti nonse awiri mukhale pa intaneti nthawi imodzi. Ife kuno tili ndi Wi-Fi kuntchito, timaiwala kuti uko munthu amayatsa data pokhapokha akafuna kuona mauthenga, kenako n'kuzimitsa. Mumaimba, foni ingolemba Calling osasintha kukhala Ringing, inu n'kumadandaula kuti akukuzembani, chikhalirecho data ndi yozima kapena magetsi adazima dzulo foni sinatchajidwe. Ine ndi mlongo wanga tidagwirizana kuti Lamlungu akaweruka kutchalitchi azikhala atayatsa. Mwayi wake nthawi ya South Africa ndi ya Malawi ndi imodzi. Amene muli ku Britain muziwerengera, kumudzi ali patsogolo ndi ola limodzi nthawi yotentha kwanuko, maola awiri nthawi yozizira.

Chinanso choti muonetsetse ndi mabandulo aja otchipa a WhatsApp yokha. Ena amalola mauthenga ndi zithunzi koma kuimba ayi, ndiye mukaimba foni imakatapa ku mayunitsi kapena siilowa n'komwe. Funsani musanagule.

Telegram, Messenger, Signal ndi Imo zimagwira ntchito mwa njira yomweyo, ndipo sindiona chifukwa chovutitsira munthu wa kumudzi kuti adzaze foni yake ndi zonsezo, malo m'mafoni athuwa ndi ochepa kale. Messenger imathandiza mukataya nambala ya munthu koma muli naye pa Facebook. Abale amene ali ku Dubai nkhani yawo ndi ina: dziko la United Arab Emirates lidatseka kuimba pa WhatsApp, mauthenga okha ndiwo amadutsa, ndiye ambiri kumeneko amagwiritsa ntchito Botim imene ndi yololedwa. Ngati muli ndi m'bale kumeneko, inunso muike Botim basi. Amene mudazolowera Skype, imeneyo Microsoft idaitseka mu May 2025.

Tsono amayi. Kafoni kawo intaneti sikaidziwa, ndipo apa ndi pamene Talk360, Rebtel ndi Viber Out zimalowera. Izi mumagula ndalama zoimbira mu app, inu n'kuimba kudzera pa intaneti, koma uko foni imalira ngati mmene imalirira masiku onse. Mumalemba nambala kuyamba ndi +265, n'kusiya 0 wa kumayambiriro uja.

Pa zitatuzi, kuno ku Joni ine ndimakonda Talk360, pa chifukwa chimodzi: mutha kugula vocha yake ndi ndalama ya m'manja m'mashopu, osafuna khadi ya ku banki. Ambiri a ife amene tikugwira maganyu khadi yolipirira pa intaneti tilibe, ndiye zimenezi si zazing'ono. Rebtel, ya ku Sweden, ili ndi nzeru ina imene ndimaisirira. M'maiko ena imadutsitsa foni yanu pa nambala ya m'dziko momwe mulimo, ndiye ngakhale intaneti yanu ikhale yofooka mawu amamveka bwino. Kwa amene muli ku Britain kapena ku America ndipo muli ndi mphindi zambiri zoimbira m'dzikomo, imeneyi yesani. Viber Out ndi gawo la Viber, yabwino kwa amene ali nayo kale, koma sindingauze munthu kuti aike Viber chifukwa cha icho chokha.

Musanyengeke ndi mawu akuti kuimba kunja motchipa amene amalemba pamwamba. Mtengo umasiyana dziko ndi dziko, chifukwa kampani ya foni ya dziko limene mukuimbirako imalipiritsa kuti foni yochokera kunja ilowe pa netiweki yake. Kuimbira ku America kapena ku India ndi ndalama yochepa kwambiri, koma kuimbira nambala ya ku Malawi n'kodula kangapo, pa app iliyonse. Choncho tsegulani mndandanda wa mitengo, sankhani Malawi, muone mphindi imodzi ndi zingati lero, muyerekeze ndi bandulo yoimbira kunja ya netiweki imene muli nayo. Nthawi zina kusiyana kwake n'kochepa kuposa mmene mumaganizira. Muonenso ngati ndalama zotsala zimapsa pakapita masiku, komanso ngati zimene mukugulazo n'zodzigulanso zokha mwezi ndi mwezi. Ine app ina idandidula miyezi iwiri ndisakudziwa, ndidazindikira nditaona uthenga wa ku banki.

Chimene chidandipweteka kwambiri si ndalama. Nthawi yoyamba kuwaimbira amayi mwa njira imeneyi, kwawoko kudaoneka nambala yachilendo. Foni idalira mpaka kudula, katatu. Iwo ankangoiyang'ana ili pamphasa, poti tidawauza tokha kuti nambala zosadziwika asamayankhe, ndi anthu akuba aja onama kuti atumiza ndalama molakwitsa. Tsiku limenelo n'kuti ndikufuna kumva za malume amene adagonekedwa m'chipatala. Kuyambira pamenepo ndidaphunzira kutsimikizira nambala yanga mu app kuti izioneka uko, ndipo ndimayamba ndatumiza uthenga kwa mwana wa achimwene amene amakhala nawo kuti awauze agogo ake ayankhe.

Kwa amene muli ku Malawi komweko ndipo mukuimbirana nokhanokha, ma app ogula mphindi aja asiyeni, si anu. Ngati nonse muli pa Airtel kapena nonse pa TNM, bandulo ya mphindi ndi yabwino kuposa WhatsApp, makamaka kumudzi kumene netiweki ya intaneti imachita kukwerera pachulu pomwe ya mawu ikugwira bwinobwino. WhatsApp imapambana pamene wina ali pa 088 wina pa 099, chifukwa data siisankha netiweki. Ndipo kumene mawu akudukaduka, musalimbane nazo. Jambulani VN, idzapita yokha netiweki ikabwera, mnzanuyo adzaimvera nthawi yake.

Mmene ndimachitira ine tsopano ndi motere. Ndikamatumiza ndalama pa Mukuru ndimaonjezerapo kangachepe ka bandulo ya mwezi ya mlongo wanga, chifukwa kumugulira data iyeyo n'kotchipa kuposa kuti ine ndigule mphindi zoimbira nambala yake. Mu Talk360 ndimasiya zokwana mphindi zochepa, za amayi ndi za mwadzidzidzi, monga maliro kapena matenda. Mlongo wanga akapita ku Dedza kumapeto kwa mwezi, amakhala nawo pakhonde n'kuyatsa vidiyo, ndipo amayi amaigwira foniyo ndi manja awiri, pafupi kwambiri ndi nkhope moti ndimaona chipumi chokha ndi duku, akundifunsa ngati ndikudya mokwanira.