Thesis yatha, ndiye bukuli tipite nalo kuti? Routledge, Mzuni Press kapena Lambert uja

Anzanga amene mwangomaliza kumene PhD kaya masters ya history, theology, sociology ndi zina zoterozo, ndikudziwa supervisor wakuuzani kale kuti "iyiyi isanduke buku". Chabwino, koma kwa ndani? Njira zilipo zingapo ndipo sizofanana ayi, inayo ndi msampha weniweni.

Tiyambe ndi osindikiza mabuku akuluakulu akunja aja, Routledge ndi Palgrave Macmillan. Dzina lokhalo pa CV limakugwirirani ntchito, a komiti ya promotion akangoliona sachita kufunsa zambiri, ndipo manuscript amaitumizadi kwa ma reviewer. Koma mtengo wake abale inu. Hardback imodzi nthawi zambiri imadutsa mapaundi 100 chifukwa iwowo msika wawo ndi malaibulale a mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America osati ife, ndiye tasinthani ndalama imeneyo ikhale makwacha, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 muja. Mwakhala ku Nsanje miyezi ndi miyezi mukucheza ndi akuluakulu za Mbona, buku latuluka, koma olo mphunzitsi mmodzi wa ku Nsanje konko sadzaligwirako ndi manja. Pulesi ya James Currey ili bwinoko, kuyambira 2008 ili pansi pa kampani ya Boydell & Brewer ndipo Africa amaidziwa, ndi omwe anatulutsa mbiri ya Malawi ya John McCracken mu 2012. Kungoti kulowako nkovuta, thesis satenga mmene ilili, muyenera kuilembanso kuti iwerengeke ngati buku.

Tsopano ang'onoang'ono athuwa, amene ine ndimawakondera, sindibisa. Kachere Series inayambira ku Zomba m'zaka za m'ma 1990 ku dipatimenti ya Theology and Religious Studies ya Chancellor College, kenako ku Mzuzu kuli Mzuni Press ndi Luviri Press, ndipo konseku dzina la a Klaus Fiedler, katswiri wa mbiri ya mipingo, mulipezamo. Mphamvu yawo ili pa mbiri ya mipingo, zipembedzo za makolo, Chisilamu, chikhalidwe, nkhani za amayi mu mpingo, ndiye ngati munalemba za sinodi ya Livingstonia kapena za chinamwali apa mpakwanu. Buku limapezeka m'dziko momwemuno, ma student angathe kuligula kapena kulipeza mu laibulale, abusa amaliwerenga nkumakutsutsani pamaso, zomwe ndi zabwino. Kuipa kwa pulesi yaing'ono kulikonse nkoti anthu ogwira ntchito ndi ochepa, proofreading ndi index mukonzekere kutuluka nazo thukuta nokha, kutsatsa bukulo ndi inu nomwe, ndipo za royalty musawerengere kuti mugulira malata.

Ena amaopa kuti ukasindikiza kwanu konkuno ndiye kuti kunja sakuona. Zimenezo zinali kale. Kuli African Books Collective ku Oxford, inayamba mu 1989 ndipo eni ake ndi osindikiza mabuku a mu Africa momwemuno, ntchito yake nkugulitsa mabuku awo kunja. Amagwiritsa print on demand, munthu wa ku Toronto akaoda buku limasindikizidwa komweko, palibe zodikira katoni yochokera ku Mzuzu. Kachere, Mzuni ndi Luviri mabuku awo amadutsira kumeneko, chimodzimodzinso Langaa ya ku Bamenda ku Cameroon ndi Mkuki na Nyota ya ku Dar es Salaam. Ngati nkhani yanu ndi ya ndale, migration kapena chuma ndipo sikukwana bwino m'ndandanda wa Kachere, yesani Langaa kapena CODESRIA, bungwe la ofufuza za social science la ku Dakar.

Lambert Academic Publishing ndiye ayi. Ndi aja amakutumizirani email yokoma kuti taona thesis yanu ndipo tikufuna kuisindikiza ulere. Ulere ndithu, koma palibe peer review, palibe editor, amangoika chikuto pa PDF yanu ija nkuiika pa Amazon pa mtengo wokwera, mwasainira kale ma rights, mayunivesite ambiri saliwerengera ngati publication, ndipo mukadzapita kwa wosindikiza weniweni adzati ntchitoyi inatuluka kale.

Ine ndimati ngati mukusaka ntchito kunja kapena promotion yakufikani pakhosi, gogodani kwa akuluakuluwo, koma musanasaine kontilakiti pemphani kuti ma rights a edition ya ku Malawi akhale anu kuti pulesi ya kuno idzathe kutulutsa yotchipa. Ena amalola ena amakana, kufunsa sikulipitsa. Apo ayi chotsanimo ma chapter awiri akhale ma article m'ma journal odziwika, CV ikhute, kenako buku lonse mupite nalo ku Zomba kapena ku Mzuzu, mukawafunse mtengo wake m'makwacha komanso ngati lidzalowe mu African Books Collective.