Shared hosting ya cPanel: imasunga bwino database, koma samalani posintha matebulo

Mabungwe ang'onoang'ono muno mu Chipata, kaya ndi sukulu, kopaletivu yogula nsawa ndi soya, kapena loji yolandira alendo, amakonda kusunga database yawo pa shared hosting yokhala ndi cPanel (tsamba loyendetsera akaunti yanu pa seva) ndi phpMyAdmin (pulogalamu yoyendetsera database pa msakatuli). Seva imodzi amagawana anthu ambiri, n'chifukwa chake mtengo umatsika. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga kulemba mamembala, kulowetsa makilogalamu ogulidwa ndi kutulutsa malipoti, utumikiwu umakwanira ndithu. Mavuto amabwera tsiku losintha kapangidwe ka tebulo.

Pamenepa muli ngati munthu wa lendi: mukhoza kusuntha mipando, koma khoma simungaligwetse. Mulibe chilolezo chachikulu cha SUPER, simungakhudze my.cnf (failo ya makonzedwe a seva), ndipo mtundu wa MySQL kapena MariaDB, mapulogalamu osunga database, amasankha ndi eni seva. Musanachite chilichonse lembani SELECT VERSION(); kuti mudziwe chimene mwapatsidwa. Kuyambira pa MySQL 8.0.12 ndi MariaDB 10.3, kuwonjezera kolamu kumapeto kwa tebulo kumatha pompo. Pa MySQL 5.7 seva imamanganso tebulo lonse. Mtundu wa 5.7 unasiya kusamalidwa mu Okutobala 2023, ndiye kampani yomwe ikukupatsanibe umenewo ndi yofunika kuikayikira.

Choopsa kwambiri ndi ichi. ALTER TABLE, lamulo losintha kapangidwe ka tebulo, sibwezeka ndi ROLLBACK (lamulo lobweza zimene mwachita), ikangochitika yachitika. Ndipo phpMyAdmin imadalira msakatuli: nthawi yake yodikira nthawi zambiri imakhala masekondi 300, ena amaichepetsanso. Netiweki ikaduka kapena malaiti akapita pakati pa ntchito, tsamba limafa koma lamulo lija likhoza kupitirirabe pa seva. Munthu amaganiza kuti zalephera, n'kudinanso Go. Lamulo lachiwiri limaima pamzere kudikira loko ya tebulo, zopempha zonse za webusaiti zimaima kumbuyo kwake, malire a max_user_connections (kuchuluka kwa maulumikizano amene akaunti yanu ikuloledwa nthawi imodzi) amadzaza, basi webusaiti yagwa. Tsamba likafa, musadinenso. Lembani SHOW PROCESSLIST; muone. Mukapeza mawu akuti "Waiting for table metadata lock", fufuzani ntchito yakale imene yagwira tebulo, muiphe ndi KILL ndi nambala yake. Zanu zokha ndi zimene mungaone ndi kupha, za anzanu a pa seva ayi.

Backup ya kampani musaidalire yokha. Tengani yanu. Ngati phukusi lanu lili ndi SSH (njira yolembera malamulo mwachindunji pa seva), gwiritsani pulogalamu ya mysqldump ndi --single-transaction, yomwe imakopera matebulo a InnoDB (mtundu wofala wa matebulo) popanda kuimitsa webusaiti. Ngati mulibe, Export ya phpMyAdmin imagwira pa database yaing'ono. Sankhani Custom ndi gzip kuti failo ichepe, chifukwa Import ili ndi malire a kukula kwa failo. Kenako pangani database yachiwiri mu cPanel, lowetsani failoyo, muyese kusintha kwanu kumeneko kaye. Apa ndi pamene zobisika zimaonekera. Error 1227 imatanthauza kuti m'failo muli mawu akuti DEFINER otsatiridwa ndi dzina la akaunti ina, fufutani mbali imeneyo. Error 1273 imabwera failo ya MySQL 8 yokhala ndi utf8mb4_0900_ai_ci (njira yosanjira zilembo) ikalowetsedwa pa seva yosaidziwa, sinthani kukhala utf8mb4_unicode_ci. Error 2006 nthawi zambiri ndi INSERT (lamulo lolowetsa mizere) yaikulu kuposa max_allowed_packet, malire a kukula kwa lamulo limodzi, ndipo popeza simungakweze malirewo, tulutsaninso failo ndi ma INSERT ofupikirapo.

Zosintha zambiri kuno zimachokera ku makolamu amene anapangidwa molakwika pachiyambi. Nambala ya foni yosungidwa mu INT (kolamu ya manambala athunthu) imataya 0 woyamba, ndipo yoyamba ndi 260 ili ndi manambala 12, pomwe INT imalekeza pa 2147483647. Iyenera kukhala VARCHAR(15), kolamu ya mawu yofika zilembo 15. Nambala ya NRC ili ndi timizere, nayonso ndi VARCHAR. Ndalama zikhale DECIMAL(12,2). FLOAT imasokoneza mangwee, ndipo wosunga chuma wa kopaletivu adzakufunsani kumene apita. Kusintha mtundu wa kolamu kumakopera tebulo lonse n'kuletsa kulembamo mpaka kutha. Pa tebulo lalikulu yendani pang'onopang'ono: onjezerani kolamu yatsopano, isamutsireni data ndi UPDATE mizere 1,000 nthawi imodzi potsata id, lozani pulogalamu ku kolamu yatsopano, yakaleyo mudzaichotse patapita masiku mutatsimikiza.

China chimene ambiri sachiona msanga ndi chilembo cha ŵ. Tebulo losunga zilembo m'njira yakale ya latin1 silichidziwa: kapena limakana mzerewo, kapena limaika ? m'malo mwake, ndipo chomwe chasanduka ? sichibwereranso. Mankhwala ake ndi CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4. Pa seva yakale mudzakumana ndi error 1071, chifukwa index (mlozera wofulumizitsa kufufuza) imalekeza pa mabaiti 767 pomwe utf8mb4 imawerengera mabaiti 4 pa chilembo. Chepetsani kolamuyo kufika VARCHAR(191), kapena ikani ROW_FORMAT=DYNAMIC ngati seva ikulola.

OPTIMIZE TABLE, lamulo lobweza malo otsala mu tebulo, pa InnoDB imamanganso tebulo, choncho imafuna malo ena ofanana ndi kukula kwa tebulolo. Ngati disiki yanu yatsala pang'ono kudzaza, ilekeni. Sikofunikanso sabata ndi sabata, koma mukafufuta mizere yambiri.

Nthawi yochitira zonsezi isankheni bwino. Maseva ambiri amayenda pa UTC (nthawi ya padziko lonse), ife tili patsogolo ndi maola 2, ndiye cron (ntchito yodziyambitsa yokha pa nthawi yoikika) yofuna kugwira 01:00 kuno iikidwe pa 23:00 ngati seva ili pa UTC. Kopaletivu isasinthe matebulo nyengo yogula mbewu ili pakati, ndipo loji ya mu Chipata idikire Nc'wala ipite kaye.

Kwa database ya mamegabaiti mazana ochepa, phukusi lokhala ndi SSH ndi loyenera ndalama zake. Lopanda SSH ndi la webusaiti yosasinthasintha basi. Matebulo akafika mizere mamiliyoni, samukirani ku VPS, gawo la seva limene mumalilamulira nokha. Musanalipire, funsani kampani mtundu wa MySQL, masiku amene backup imasungidwa, ngati angabweze database imodzi yokha osakhudza maimelo ndi mafailo, komanso dziko limene seva ili, popeza ma NRC ndi manambala a foni a mamembala amatetezedwa ndi Data Protection Act ya 2021.