Tende za Ajwa ndi za Deglet Nour: Mugule Ziti pa Ramadan?

Ajwa ndi tende (zipatso zotsekemera za mtengo wa kanjedza) zakuda, zazing'ono, zolimidwa ku Madina m'dziko la Saudi Arabia. Asilamu amazilemekeza chifukwa hadith (mawu a Mneneri Muhammad) imanena za ubwino wodya zisanu ndi ziwiri m'mawa. Deglet Nour, zofiirira ndi zowala ngati uchi, zimachokera m'minda ya m'chipululu ku Algeria ndi Tunisia.

Pa mtengo, Ajwa n'zodula kwambiri chifukwa zimalimidwa m'dera lochepa, pamene Deglet Nour n'zotchipa ndipo zimapezeka mosavuta. Pa kasungidwe, Deglet Nour zimapambana, popeza n'zouma pang'ono ndipo siziwonongeka msanga ndi kutentha kwa m'sitolo.

Ajwa zimayenera munthu wofuna mphatso yaulemu, makamaka wochokera ku Hajj, ulendo wachipembedzo wa Asilamu wa ku Makka. Koma banja lalikulu lomasula kusala tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu lingachite bwino kugula Deglet Nour.