Locator pa mano oikirira a m'munsi: mmene ndaionera

Mano oikirira a m'mwamba amamata okha, koma a m'munsi lilime limangowakankha, moti poseka umachita kugwira pakamwa. N'chifukwa chake ndinalola kuti adokotala a mano kuno ku Johannesburg andiike ma implant awiri, tizitsulo ta titanium tolowa m'fupa la nsagwada, toti manowo azigwirapo kudzera pa chomangira chotchedwa Locator. Anandiuza kuti akatswiri atakumana ku McGill University ku Canada mu 2002 anagwirizana kuti awiriwo ndiwo poyambira kwa munthu amene m'munsi mulibe dzino.

Fupa litagwira, panatsala kusankha chomangira mano pa tizitsuloto. Maginito ndinawakana msanga: savuta kuvala, koma ukatafunira mbali imodzi mano amasuntha. Bar, kachitsulo kopingasa kolumikiza ma implant, imagwira kwabasi, kungoti ndi yodula ndipo pansi pake pamabisala zakudya. Chomangira chamutu wobulungira chokhala ndi kamphira ndi chotsikirako mtengo, koma ndi chachitali, ndipo m'kamwa mwangamu malo anachepa. Ndinatenga Locator ya kampani ya Zest.

Imeneyi ndi yaifupi. M'kati mwa mano muli tizipewa tiwiri tachitsulo, ndipo m'kachipewa kalikonse muli kanayiloni kamene kamakola pa mutu wa Locator womangidwa pa implant. Tinayiloniti n'tosiyana mitundu: kabuluu kamagwira pang'ono, kapinki pakatikati, koyera zolimba zedi. Ine zala zanga zili ndi nyamakazi, ndiye ndinayamba ndi kabuluu. Koyera bwenzi ndikulimbana nako usiku uliwonse. Pano ndili pa kapinki, ndipo chimanga chootcha ndikukukuta bwinobwino.

Tinayiloni timatha, anatipanga dala kuti tizitha ito m'malo mwa chitsulo. Mano akayamba kugwedera, adokotala amasintha pa mphindi zochepa ndi kachida kake. Povala musamalume, kanikizani ndi zala, apo ayi timaphwanyika msanga. Pamutu pa chitsulo palinso kadzenje komwe nyenyeswa za mtedza zimakonda kulowa. Mukapanda kutsukapo ndi mswachi, mano sakhala pansi.

Inu amene mumadzaikitsa kuno n'kubwerera ku Malawi, funsiranitu amene azikakusinthirani tinayiloni kumeneko musanalipire. Gulani tinayiloni tapadera, ndipo adokotala akulembereni dzina ndi saizi ya ma implant anu, chifukwa mutu wa Locator umagulidwa molingana ndi mtundu wa implant imene ili m'fupamo.