Tasbihi za ku Down Shops: ndi iti imene ingapirire zikiri ya tsiku ndi tsiku?

Tasbihi, mikanda yowerengera zikiri (kum'kumbukira Allah pobwereza mawu om'tamanda), sizisowa mu Chipata muno. M'mashopu ena a ku Down Shops mumazipeza zitapachikidwa pamodzi ndi zisoti ndi mikeka ya swala, zapulasitiki, zagalasi, zamtengo, ndiponso tija ta batire tovala kuchala. Kukongola zonse n'zokongola, koma zina sizitha n'komwe Ramadhani imodzi. Musanatulutse ndalama, yambani mwadziwa kuti muziwerenga kangati patsiku.

Msilamu wongofuna zikiri ya pambuyo pa swala amanena Subhanallah ka 33, Alhamdulillah ka 33, Allahu Akbar ka 33, n'kutsekera ka 100 ndi mawu a La ilaha illallah wahdahu la sharika lah. Ameneyu kamkanda ka 33 kamukwanira, ngakhalenso zala zake zomwe. Wa twarika, gulu la Asufi lotsogozedwa ndi shehe, ndi wina. Iye amalandira kwa shehe wake wiridi, chiwerengero choikika cha m'mawa ndi madzulo. Kwa a Shadhiliyya nthawi zambiri chimakhala istighfar (kupempha chikhululuko) ka 100, kumfunira zabwino Mtumiki (SAW) ka 100, ndi La ilaha illallah ka 100. Pamenepo, pa tasbihi ya mikanda 99, mkanda uliwonse ukukhudzidwa kasanu ndi kamodzi patsiku, osawerengera swala zisanu, ndipo ulusi wofooka suchedwa kuonekera.

Anthu ambiri akamva za Asufi amayesa ndi chipembedzo china, pamene Tasawwuf, njira yawo yoyeretsa mtima, inabadwira m'Chisilamu momwemo ndipo ambiri mwa eni ake ndi Asunni. Muzu wake uli m'hadisi ya Jibril, pamene Mtumiki anafotokoza ihsan kuti ndiko kum'pembedza Allah ngati ukumuona, ndipo ngakhale sukumuona, Iye akukuona. Qur'an 33:41 imalamula okhulupirira kum'kumbukira Allah kwambiri, ndipo 13:28 imati mitima imakhazikika ndi kukumbukira kumeneko. Dzina loti Sufi akatswiri ambiri amati linachokera ku suf, ubweya wa nkhosa, chovala chokhakhala cha anthu amene anakana moyo wamwanaalirenji pamene chuma chinachuluka m'maiko a Chisilamu. Ku Basra kunali Hasan al-Basri, amene anamwalira mu 728, kenaka mayi Rabia al-Adawiyya, amene ankaphunzitsa kupembedza chifukwa cha chikondi chokha, osati poopa Moto kapena pofuna Jannah. Junayd wa ku Baghdad, womwalira mu 910, ndi al-Ghazali, womwalira mu 1111, anaumirira kuti kuyeretsa mtima kulibe njira yolambalala Shariya. Matwarika anadza pambuyo: Qadiriyya ya Abd al-Qadir al-Jilani, womwalira ku Baghdad mu 1166, ndi Shadhiliyya ya Abu al-Hasan al-Shadhili, womwalira mu 1258. Matwarika onse awiriwa anafika kwa Ayao ndi anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi kuchokera kugombe la kum'mawa, ndipo sikiri, zikiri ya pagulu yokweza mawu, imene agogo athu amaidziwa pamaliro ndi paziyala inachokera kumeneko.

Tibwerere ku shopu. Yapulasitiki ndiyo yotsika mtengo, ndipo pulasitikiyo payokha ilibe mlandu. Chimene chimaipha ndi kamzere kakuthwa kotsala pakamwa pa bowo la mkanda pouumba. Nthawi iliyonse mukakankha mkanda, kamzereko kamapala ulusi, mpaka tsiku lina mikanda yangoti mbwee pamkeka anthu ali pakati pa dua. Yendetsani chikhadabo pabowo la mikanda itatu kapena inayi, chikakodwa, isiyeni. Zina zimakhala zopakidwa utoto wonyezimira pamwamba, umene thukuta la mu Okutobala limausupula n'kuusiya m'manja. Kwa ana a kumadrasa yapulasitiki ndi yabwino, poti ikatayika simudandaula.

Yagalasi imalemera bwino m'manja koma ikagwa pasimenti imasweka, ndipo kulemerako kumatambasula ulusi. Sindingaiyamikire munthu wa wiridi.

Yamtengo kapena yanjere zolimba zija amati kuka ndiyo ndimaiona kuti ikuyenera ndalama zake. Siterera ndi thukuta, silira kwambiri mumzikiti, ndipo ikamakalamba imasalala n'kuda bwino. Chenjerani ndi fungo lokha. Zambiri zonenedwa kuti ndi sandalwood ndi mtengo wamba wothiridwa mafuta onunkhira. Ikamanunkha mpaka kunja kwa pepala lake, fungolo lidzatha posachedwa, choncho musalipire mtengo wa fungo. Mikanda ya mamilimita 8 ndiyo yoyenera chala cha munthu wamkulu. Ya 6 imadumpha iwiriiwiri mukafulumira, ya 10 pa tasbihi ya 99 imatalika n'kuvuta m'thumba la mkanjo.

Chinthu chimene ogula ambiri sachita ndicho kuwerenga. Werengani pomwepo wogulitsa akuona: 33, cholekanitsa, 33, cholekanitsa, 33, kenaka mkanda wautali wa kumutu ndi mphonje yake. Zimapezeka zokhala ndi 32 mbali ina, 34 mbali inayo. Cholekanitsa chikhale chosiyana maonekedwe, chophwatalala kapena chotumphuka, kuti chala chichizindikire maso ali otseka, chifukwa zikiri ya m'bandakucha imachitika magetsi atapita. Onaninso mpata. Mukaikoka, pakhale ulusi wopanda mikanda wokwana zala ziwiri. Yothina imavuta kukankha ndipo mfundo yake imaphulika msanga.

Ka batire kaja kali ndi mabatani awiri, lowerengera ndi lofufutira, ndipo tambiri timafika 99999. Kwa amene wapatsidwa zikwi, kapena woyenda pa njinga kupita ku Kapata, kamathandiza. Koma batani lofufutira limadinika lokha m'thumba, madzi a udhu akalowa manambala amazimiririka, ndipo kabatire kake konga ka wotchi kakatha, chiwerengero chonse chapita. Chimene chimandidetsa nkhawa koposa n'chakuti maso amangothamangira pa nambala, pamene mashehe a Tasawwuf amati zikiri ya lilime ndi khomo chabe lolowera ku zikiri ya mtima.

Abale athu ena salola mikanda n'komwe. Amagwira hadisi yoti tiwerenge ndi zala chifukwa zidzafunsidwa n'kuyankhula, monga momwe a sukuti, Asilamu ofuna kupemphera mwakachetechete, amakanira sikiri yokweza mawu pamaliro. Umboni wawo ndi weniweni ndipo zala ndi sunna. Maulama ambiri amalola mikanda ngati chothandizira kuwerenga, bola munthu asaiyese chithumwa kapena kuivala m'khosi kuti anthu amutame.

Yamtengo ikaduka musaitaye. Tolani mikanda, iwerengeni, ndipo gulani ulusi wa nayiloni wopota umene osoka nsapato amagwiritsa ntchito. Wa mbedza woonekera uja umauma n'kuthyoka pamfundo. Upindeni pawiri, tungani 33 katatu ndi zolekanitsa zake, lowetsani nsonga zonse ziwiri mumkanda wa kumutu, siyani mpata wa zala ziwiri uja, mangani mfundo kawiri, n'kuwaula pang'ono nsongazo ndi machesi kuti zisamasuke.