Synology DS224+ kunyumba kwanga ku Area 25: mmene kandigwirira ntchito

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe. Kwa zaka zambiri zithunzi zonse ndinkazithira mu ma hard drive a m'manja amene ndinkawasunga m'kabati ya mbale. Tsiku lina imodzi, imene ndinagula pa shopu ina ku Old Town, inangoyamba kulira kuti khe khe khe, kenako zii. Mmenemo munali ukwati wa mwana wa alamu anga. Mpaka lero tikakumana, moni asanathe, amafunsa kuti, "Alamu, zithunzi zija zili pati?"

Manyazi amenewo ndi amene anandigulitsa NAS, kabokosi kokhala ndi ma disiki mkati komwe umakalumikiza ku rauta, aliyense m'nyumba n'kumasungamo zinthu kudzera pa foni kapena laputopu.

Ndinayamba ndi njira yotchipa. Mphwanga anandikonzera kompyuta yakale, n'kuikamo TrueNAS, pulogalamu yosandutsa kompyuta kukhala NAS. Inkagwira ndithu, koma kompyutayo inali nkhalamba: fani inkalira usiku wonse ngati chigayo, mayunitsi a magetsi n'kumatha ngati tikuphikira nyemba. Pakavuta kanthu ndinkadikira mphwangayo aweruke ku Kanengo. Amene makompyuta ali m'magazi, njira imeneyi ndi yabwino. Ine ayi.

Choncho ndinatsala ndi mitundu iwiri ya NAS ya kampani ya Synology, yonse ya 2023 komanso yolowa ma disiki awiri. DS223j ndi yotsika mtengo, koma RAM yake (memori yogwirira ntchito) ndi 1GB ndipo sungaonjezere. DS224+ imabwera ndi 2GB, ungaikweze kufika 6GB, ndipo ili ndi purosesa ya Intel Celeron J4125. Ndinasankha yachiwiriyi, mnzanga woyenda ku Johannesburg n'kundinyamulira. Za kusaka ndalama zakunja tisanene, mukudziwa kale.

Chenjerani apa: kabokosika kamabwera kopanda kanthu mkati. Ma disiki umagula padera, ndipo ndalama zenizeni zimapita kumeneko. Ine ndinatenga Seagate IronWolf awiri a 4TB. Pogula funsani ngati disikiyo ndi CMR kapena SMR, njira ziwiri zimene ma disiki amalembera; yabwino apa ndi CMR. Ya SMR imalemba mosanjikiza ngati malata a denga, ndiye disiki imodzi ikafa, kudzaza yatsopano kumachedwa koopsa. Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, lembani nambala ya disikiyo mukafufuze nokha.

Nditaika awiriwo, malo anaoneka pafupifupi 3.6TB basi. Mtima unadumpha, ndimvekere andibera. Ayi, SHR, njira ya Synology yolumikizira ma disiki, imatero: chilichonse chimalembedwa pa ma disiki onse awiri, kuti imodzi ikafa inzake itsale ndi zonse.

Chimene sindinachiganizire poyamba, pomwe ndicho chachikulu kuno kwathu, ndi magetsi. Akathima disiki ili mkati molemba, ukhoza kuononga mafailo, ndipo kuthimathima kwa tsiku ndi tsiku si chakudya cha disiki. Ndinagula UPS, bokosi la batire lopereka magetsi kwa kanthawi akathima, yokhala ndi chingwe cha USB. Magetsi akapita, UPS imauza kabokosiko, iko n'kusiya kulemba mwadongosolo batire isanathe. Ndinayesa dala pozula pulagi: UPS inalira kuti pi pi, patapita mphindi zimene ndinatchera ma disiki anakhala chete, magetsi atabwera kanadzuka kokha. Kakamagwira ntchito kamadya mawatsi 15 kapena chapompo, choncho ka sola kathu sikadandaula. Rauta nayonso muyiike pa UPS pomwepo. Mukandifunsa, bola kugula DS223j ndi UPS kusiyana ndi DS224+ yopanda UPS.

Chondisangalatsa kwambiri ndi bandulo. M'nyumba, foni ndi kabokosi zimalankhulana pa rauta, intaneti osakhudzidwa. Mayi a kunyumba akangolowa pa geti, pulogalamu ya Synology Photos imayamba kukoka zithunzi za m'foni mwawo popanda kudya ngakhale MB imodzi. Pa chingwe ndimaona liwiro la 110MB pa sekondi, khadi la kamera lodzaza zithunzi za ukwati limatha ndisanamalize tiyi. Pa Wi-Fi n'kochedwerako. Ndikakhala kunja QuickConnect, njira ya Synology yofikira kabokosika pa intaneti, imandilowetsa, koma apo bandulo imadyeka mbali zonse ziwiri, ndiye ndimangotengera chithunzi chimodzi kapena ziwiri, makasitomala akandipanikiza.

Phokoso lilipo pang'ono. Ma disiki amatokosa usiku, mpaka mayi a kunyumba analamula kuti kachoke kuchipinda. Pano kali pabalaza, pamwamba pa shelefu, ndipo mwezi wa Okutobala, fumbi ndi kutentha zikafika pachimake, ndimakapukuta kumbuyo kwa fani ndi kaburashi Lamlungu lililonse.

Ma disiki awiri sateteza ku chala cha munthu. Mwana wanga anafufuta foda yathunthu ya chinkhoswe, ndipo inafufutika pa onse awiri nthawi imodzi. Anandipulumutsa ndi ma snapshot amene ndinali nditayatsa, omwe amasunga mmene mafailo analili pa nthawi inayake kuti uthe kuwabwezeretsa. Wakuba kapena mphenzi nazonso zingatenge kabokosi konse. N'chifukwa chake kumapeto a mwezi ndimakopera zonse ndi pulogalamu ya Hyper Backup pa hard drive ya m'manja, n'kukaisiya kwa amayi ku Likuni. Iwo amaikulunga m'chitenje, n'kuiika m'sutikesi momwe amasungamo makadi a mpingo.